Miyala ya Stonehenge anaimika ndi anthu, Mayi

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera kufunsa kuti amuuze chiyani mwana wake amene waona pa YouTube zoti miyala ya Stonehenge inaimikidwa ndi zolengedwa zochokera ku mapulaneti ena. Mayi, funso lanuli landifika pamtima, ndiye mundipirire, ndilankhula zambiri.

Ine ndinakulira m'munsi mwa phiri la Mulanje, cha ku Likhubula. Tili ana tinkaona azibambo akutsika njira ya ku Chambe atasenza matabwa a mkungudza. Thabwa lalitali kuposa mwini wake kawiri, nkhata ya sanza pamutu, mapazi opanda nsapato pathanthwe loterera, thukuta lili kamukamu. Ankatsika chothamanga, thabwa likuvinavina kutsogolo ndi kumbuyo. Munthu amene sanawaonepo, atangopeza mulu wa matabwa pansi pa phiri, sangakhulupirire kuti onsewo anatsika pamutu pa munthu. Kutha kwa mkungudzawo kumandipweteka mpaka lero, koma mphamvu za anthu aja sindizikayikira.

Stonehenge ndi bwalo lakalekale la miyala yoimikidwa, ku England, m'chigwa cha Salisbury. Ntchito inayamba cha m'ma 3000 BC, ndipo miyala ikuluikulu, yolemera matani pafupifupi 25 umodzi, inaimikidwa cha m'ma 2500 BC. Ing'onoing'ono anakaitenga ku mapiri a Preseli ku Wales, mtunda woposa makilomita 200. Mu 2024 akatswiri anapeza kuti mwala wina wogona pakati pa bwalolo unachokera kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, makilomita pafupifupi 700. N'zodabwitsa ndithu. Komatu pamalopo anafukula nyanga za nyama zimene ankakumbira ndi miyala imene ankasemera. Chapafupi, ku Durrington Walls, anapeza malo a nyumba zawo ndi mulu wa mafupa a nkhumba zimene ankadya. Anali anthu, ankamva njala.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti bodza lotere linatigwerapo ife a kuno. Mjeremani wina, Karl Mauch, atafika ku mabwinja a Great Zimbabwe mu 1871, anaona makoma a miyala yosanjikizidwa popanda matope, ena otalika mamita 11, n'kunena kuti ndi za Mfumukazi ya ku Sheba. Munthu wakuda ayi. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafukula n'kutsimikiza kuti omanga anali anthu a komweko, koma boma la Rhodesia linkakanabe, mpaka katswiri wina, Peter Garlake, anachoka m'dzikomo mu 1970. Kale ankati anamanga ndi Afoinike, amalonda akale ochokera kutsidya la nyanja, lero akuti za kumwamba. Kwa ine ndi chipongwe chimodzimodzi, kulanda anthu akale thukuta lawo, ndipo mwana wa kuno asamachiombere m'manja.

Musandimve molakwa, Mayi. Sindikunyoza zinthu zosaoneka. Agogo ankatiuza kuti ukapeza chakudya m'phiri udye wekha osaitana mnzako, ndipo ku Dziwe la Nkhalamba sitinkapangako phokoso. Ulemu umenewo ndi mbali ya zimene zinachititsa kuti bungwe la UNESCO lilembe phiri lathu m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Zimenezo ndi zathu, makolo anatisiyira. Za pa YouTube zija n'zongofuna kuti anthu ambiri aonere.

Tsono mwanayo mumuuze chiyani?

Mumuuze kuti ambiri amaganiza kuti ankakoka miyalayo pamitengo ndi zingwe, anthu mazanamazana. Chimene akatswiri akukanganabe ndi cholinga chake: panali manda, komanso miyalayo inalunjika kumene dzuwa limatulukira cha pa 21 Juni. Mukapeza ya basi patchuthi, mupite naye ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, akaone yekha.