Kodi ndalama za kufamase zimawerengedwa?

Mayi wina wa ku Mufakose, mu Harare ku Zimbabwe, wanditumizira imelo. Akuti nduna ikamawerenga bajeti amamva chiwerengero china cha ndalama za umoyo, a WHO akatulutsa lipoti amamvanso china, chikhalirecho iwo mwezi ndi mwezi amagulira amayi awo mankhwala a BP ndi ndalama za m'thumba. Amawerenga ndani, anayamba liti, nanga madola awowo alimo?

Amayi, ziwerengero ziwirizo zimayeza zinthu zosiyana. Bajeti ndi lonjezo la boma lokha. Za WHO ndi ndalama zimene zinagwiradi ntchito: za boma, za mabungwe othandiza akunja, za medical aid monga CIMAS ndi PSMAS, za makampani, ndi zanu zomwe.

Kuwerengaku sikunayambe kale kwenikweni. Ku America, komiti imene inagwira ntchito kuyambira 1927 mpaka 1932 inapeza kuti mu 1929 dzikolo linalipira madola pafupifupi 3.6 biliyoni pa chithandizo cha mankhwala. Kaundula wawo wa chaka ndi chaka amayambira 1960, pamene umoyo unkatenga 5 peresenti ya chuma cha dziko. Mu 2023 unatenga 17.6 peresenti. Koma nkhani imene ikutikhudza ife ndi ya ku Britain. NHS, dongosolo la boma la zaumoyo kumeneko, itayamba mu 1948, andale anadandaula kuti ikumeza ndalama, ndipo mu 1953 anakhazikitsa komiti ya Guillebaud kuti ifufuze. Akatswiri Brian Abel-Smith ndi Richard Titmuss atawerengera komitiyo bwinobwino anapeza kuti mapaundi ankakweradi, koma makamaka chifukwa cha kukwera mitengo kwa zinthu. Gawo la NHS pa chuma cha dziko linali litatsika, kuchoka pa 3.75 peresenti mu 1949/50 kufika pa 3.25 mu 1953/54. Abel-Smith yemweyo ndiye anathandiza WHO kuyerekeza mayiko mu 1963 ndi 1967, ndipo vuto linali lakuti dziko lililonse linkadula malire a "umoyo" pake pake. Malamulo amodzi a kawerengedwe anabwera mu 2000 kuchokera ku OECD, bungwe la mayiko makamaka olemera, buku lothandiza mayiko osauka linatuluka mu 2003, kenako mu 2011 OECD, Eurostat (ofesi ya ziwerengero ya European Union) ndi WHO anakonzanso zonse. Lero dola iliyonse imayenera kuyankha mafunso atatu: yadzera mu thumba liti, yafika kwa ndani, yagula chithandizo chanji. Zomangira zipatala zimalembedwa padera.

Apa ndinenepo za Abuja, poti zimandiwawa. Mu April 2001 atsogoleri a mu Africa, atakumana ku Abuja ku Nigeria, analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku umoyo, ndipo chaka chilichonse manyuzipepala a mu Harare muno amangoyimba nambala yomweyo. Ine ndikuti ndi muyeso wofooka. Bajeti ikakhala yaying'ono, 15 peresenti yake ndi yaying'ononso. Komanso zolembedwa mu bajeti mu November sizimene Treasury, yosunga chuma cha boma, imatulutsa pofika December wa chaka chotsatira. Mtolankhani wosafunsa ndalama zimene zatuluka sanagwire ntchito yake. N'chimodzimodzi ndi AIDS levy, 3 peresenti ija yowonjezera pa msonkho imene inakhazikitsidwa mu 1999: imapita ku National AIDS Council, choncho woyang'ana mzere wa unduna wokha amaiphonya.

Pamene zimasokonekera

Choyamba ndi kuwerenga kawiri. Boma likapereka ndalama ku chipatala cha mishoni, chipatalacho n'kulipira anamwino, ndalamayo imawoneka m'mabuku awiri. Mukalipira dokotala, medical aid n'kukubwezerani, mbali yobwezedwayo iyenera kuchotsedwa pa za m'thumba, apo ayi chiwerengero chimafufuma.

Chachiwiri ndi chathu chathu. Dola ya Zimbabwe inagwa mu 2008, tinalowa madola a America mu 2009, ndalama ya RTGS mu 2019, ya ZiG mu April 2024. Malipiro a namwino asinthidwe pa reti ya kubanki kapena ya mumsewu? Ya mwezi uti? Kusankha kokhako kumasintha yankho lonse, ndiye musamafanizire zaka zimenezi ngati zinayezedwa ndi sikelo imodzi. Kwathu ku Malawi mutu umawawira pena: ndalama zambiri za akunja zimadutsa m'mabungwe osalowa m'bajeti, ndipo pamafunika kuwatumizira mafomu mmodzimmodzi.

Tsono madola anu, amayi: alimo, koma palibe amene amatolera malisiti. ZIMSTAT, ofesi ya boma ya ziwerengero, imafunsa mabanja osankhidwa pa kafukufuku wa PICES wa ndalama zimene amapeza ndi kugwiritsa ntchito, monga wa 2017, kenako n'kuchulukitsa mayankhowo kuti ayimire dziko lonse. Zaka za pakati amangoyerekeza. Anthu amaiwala mapanado a patakishopu, ndipo ambiri amabisa zimene analipira kwa sing'anga, ngakhale nazo zimayenera kulowa. Masiku amene mwajomba kuntchito posamalira odwala sawerengedwa konse. Mukamva nambala ina, funsani ngati ili ya bajeti kapena yotuluka, ya boma lokha kapena ya dziko lonse, ndi reti imene anagwiritsa ntchito. Za Zimbabwe zili pa Global Health Expenditure Database ya WHO, ndipo mzere wanu ndi wolembedwa out-of-pocket, kutanthauza za m'thumba.