Yankho kwa amalume pa za kusintha malamulo aakulu ku America

Amalume, ndamva funso mwaponya m'gulu lija, lakuti kodi mtsogoleri wa dziko la America angasinthe malamulo aakulu a dziko kuti aimenso kachitatu. Yekha sangathe, ndipo ngakhale siginecha yake siifunika pa nkhani imeneyi, chifukwa mawu omaliza ali ndi nyumba za malamulo za m'zigawo.

Dzikoli lili ndi zigawo 50, ndipo chilichonse chili ndi aphungu akeake opanga malamulo a chigawocho. Zigawo 49 zili ndi nyumba ziwiriziwiri, ya maseneta ndi ya aphungu, koma Nebraska yokha yakhala ndi nyumba imodzi kuchokera mu 1937, ya anthu 49 amene pachikalata chovotera salembedwa chipani. Ku New Hampshire nyumba ya aphungu ili ndi anthu 400, ndipo aliyense amalandira madola 100 pa chaka chonse, ndalama imene sindikhulupirira kuti ingakwanire ngakhale mafuta a galimoto opitira kumisonkhano.

Kusintha kumayambira ku Congress, nyumba ziwiri za malamulo a dziko lonse, ku Washington, kumene magawo awiri mwa atatu a nyumba iliyonse ayenera kuvomera. Zikatero nkhaniyo imatumizidwa m'zigawo, ndipo siikhala lamulo mpaka zigawo 38 zitavomera. Apa ndiye pagona nkhani, amalume, pakuti m'chigawo cha nyumba ziwiri zonse ziyenera kugwirizana, kotero kuti nyumba imodzi ikakana m'zigawo 13 zokha, ngakhale za anthu ochepa, nkhani yonse imafera pomwepo. Umu ndi mmene zinathera ndi ganizo lopereka ufulu wofanana kwa amuna ndi akazi, limene Congress inavomereza mu 1972 koma nthawi yoikika inatha litapeza zigawo 35, kuperewera zitatu basi. Njira ina ilipo, yakuti zigawo 34 zipemphe msonkhano wapadera wokambirana zosintha malamulowa, koma sinagwirepo ntchito.

Mukukumbukira kuti kwathu ku Malawi mu 2002 nkhani yochotsa malire a materemu inagwa m'nyumba imodzi ya malamulo, itaperewera mavoti atatu. Ku America malire a materemu awiri analowa m'malamulo mu 1951 zigawo zitavomera, ndipo wofuna kuwachotsa ayenera kuyenda njira yomweyo, kuyambira ku Congress mpaka atapeza zigawo 38.