Kuyankha amalume pa nkhani ya India

Amalume, mwaswera bwanji? Ndaona funso lanu lija, loti kodi India ali mbali ya ndani, poti mafuta akugula kwa Russia koma misonkhano akukhala ndi America. Ndangoti ndijambule mawu, kulemba kutalika.

Eya, poyamba musayang'ane ku Moscow kapena ku Washington. Amene amamusowetsa tulo India ndi China, mnansi wake wa kumpoto. Mu 1962 anamenyana nkhondo m'mapiri a Himalaya, India anagonja, ndipo za malirewo mpaka lero sanamvane. Mu Juni 2020 ku chigwa cha Galwan asilikali awo anamenyana ndi zibonga ndi miyala, a India 20 anafa. Ndi dzulodzuloli, amalume.

Ndiye mnansi akakuposa mphamvu umafuna anzako. N'chifukwa chake India ali m'gulu lija amati Quad, pamodzi ndi America, Japan ndi Australia. Zombo zawo zankhondo zimayeserera limodzi panyanja, onse maso ali pa China.

Koma Russia sangamutaye ayi. Ndege zankhondo ndi akasinja ambiri a India anachokera ku Soviet Union ndi Russia, zipangizo zokonzera zimachokerabe komweko. Mu 2018 India anasainirana ndi Russia zogula mizinga ya S-400, America akuwopseza chonchobe. Komanso anthu a ku Delhi, likulu la India, saiwala za 1971, pa nkhondo ya Bangladesh imene India anamenyana ndi Pakistan: America, ali mbali ya Pakistan, anatumiza chombo chake chankhondo Enterprise ku nyanja ya Bay of Bengal, kufupi ndi India, amene anaima ndi India ndi a Soviet. Ndiye pali china chimene ine ndimachiona chachikulu. India akamusiya Russia, Russiayo agwera m'manja mwa China kotheratu, India n'kutsala ndi zimphona ziwiri zogwirizana pamutu pake. Zimenezo ndiye akuzipewa.

Za mafutazo, nkhondo ya Ukraine itayamba mu 2022, Russia anatsitsa mtengo. India ali ndi anthu oposa 1.4 biliyoni ndipo mafuta ambiri amagula kunja, ndiye anagula ndithu. Ine sindimuimba mlandu, ngakhale za ku Ukraine zimandipweteka mtima. Ndipo sizinali zaulere: mu Ogasiti 2025 America anakweza msonkho wa katundu wa India kufika 50 peresenti, theka lake chifukwa cha mafuta omwewo.

Za gulu la mayiko la BRICS, kumene India ndi China amakhala tebulo limodzi, tidzacheza Loweruka ndikabwera. Moni kwa azakhali.