Anzake a kundende akumamuimbira foni, ndimuletse?

Mayi, mwafunsa ngati nkoyenera kumuletsa mwana wanu kucheza ndi anzake amene anadziwana nawo kundende, poti chitulukireni mwezi wathawu foni yake siikuleka kulira. Mchimwene wanga anakhalako zaka zitatu, ndiye ndikuuzeni zomwe ndinaona pakhomo pathu.

Ubwenzi wa mkatimo musaupeputse. Ndende zathu monga Maula, Chichiri ndi Zomba ndi zothithikana, moti mu 2009 khoti linagamula pa mlandu wa Gable Masangano kuti kuthithikanaku nkuphwanya ufulu wa akaidi. Chakudya nthawi zambiri ndi kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba. Ndiye munthu amene anakubenthulirako sopo, kapena kukulankhulira kwa nyapala, mkaidi woyang'anira anzake, kuti upeze malo otambasula miyendo usiku, umamutenga ngati m'bale wako. Imeneyo imasanduka ngongole, ndipo ena amadzailonjerera kunja kuno.

Kwathu anabwera awiri. Woyamba anali bambo wachikulire amene ankamuphunzitsa ukalipentala mkatimo. Anafika masana, anakhala pakhonde, anadya nafe nsima, nkumusiyira sowo yakale yokulunga m'chiguduli. Wachiwiri sankalowa mumpanda. Ankaimba foni usiku, mchimwene wanga nkumakayankhira kuseri kwa bafa, ndipo mawu ake anali amodzimodzi: pali kadilu, usaiwale mmene ndinakusungira. Mchimwene wanga anatsala pang'ono kumutsatira. Pa nthawiyo aliyense m'mudzi ankabisa nkhuku akamuona, ganyu ankamukaniza, ndipo amene ankamuitana ndi dzina lake mwaulemu anali a kundende okhawo. Mpaka lero zimandiwawa kuti ifenso abale tinkamutsekera chipinda chosungira chimanga.

Ndiye ine ndikuti musaletse onse. Mukatero azingobisa, ndipo mudzataya ngakhale wabwinoyo. Muuzeni kuti mnzake aliyense afike pakhomo masana mumuone nkhope, mudziwe kwawo ndi chimene amachita. Wokana kubwera mwamudziwa kale. Mufunseni mwana wanu modekha ngati pali amene akuti ali naye ngongole, ndipo ngati ndi ya ndalama, ndi bwino muibweze inuyo pamaso pa mboni nkhaniyo ithe.

Chinanso, asamagone ndi kudzuka wopanda chogwira. A Prison Fellowship Malawi ali ndi malo ku Balaka ophunzitsa ntchito zamanja anthu ochokera kundende, kafunseni kudzera kumpingo kwanu. Wathuyu anayamba ndi timipando tiwiri tomwe amalume anagula, ndipo foni ya usiku ija anasiya kuiyankha yekha.