Geni ya njinga za ABS si ya munthu wongoyamba kumene

Achimwene, mwafunsa kuti geni yopikula njinga zamoto kunja imayenda bwanji, komanso ngati kuli bwino kuyambira pa zamakono zija za ABS (mabuleki oteteza tayala kuti lisamangike) ndi traction control (yoteteza tayala la kumbuyo kuti lisatererere) poti ndi zomwe anthu andalama akufuna. Za mapepala, ma ejenti ndi kopeza lole sindinena, zimenezo mukazimva pa boda pomwepo, aliyense woima pamzere paja ndi mphunzitsi. Anzanga amene ndinayamba nawo sanagwe ndi msonkho ayi. Anagwa ndi katundu amene sankamudziwa.

Dzina lolembedwa pa thanki lisakunamizeni. Mayiko a ku Ulaya anakakamiza ABS pa njinga za injini yoposa 125cc kuyambira mu 2016 pa mitundu yatsopano, ndipo pofika 2017 lamulolo linakhudza njinga iliyonse yatsopano. Ku India linafika pa njinga zonse zatsopano mu Epulo 2019: yoposa 125cc ikhale ndi ABS, yocheperapo ikhale ndi CBS ngati ilibe ABS. Ku America sanakakamize. Ndiye fakitale imodzi imatulutsa njinga ya dzina limodzi, penti yofanana, koma m'kati zosiyana malinga ndi dziko limene ikupita. Kumene kulibe lamulo nthawi zina amatumizako yopanda kanthu. Zambiri za ku India zotsika mtengo ABS yake ndi ya tayala la kutsogolo lokha, lakumbuyo limamangika n'kukhwekhwereza ngati njinga yakale. CBS nayo si ABS, ngakhale ogulitsa amazitchula mothamanga kuti khutu lisasiyanitse. Iyo imangogawa mphamvu: mukagwira buleki ya kumbuyo, ya kutsogolo nayo imagwirako pang'ono. Ilibe kompyuta, siidziwa ngati tayala latsetsereka. Wogula akadzazindukira kuti munamulipiritsa za ABS pa njinga ya CBS, dzina lanu lathera pomwepo.

ABS yeniyeni ine ndimaiona ndisanayatse n'komwe injini. Gwadani muyang'ane pakati pa gudumu. Pali kamphete kachitsulo ka timabowo tambirimbiri, ndipo pafupi nako pali kasensa kokhala ndi waya wokwera ndi foloko. Kasensako kamawerenga timabowoto n'kumauza kompyuta liwiro la tayala. Mukamanga mabuleki mwadzidzidzi tayala n'kufuna kuima njinga ikadathamanga, kabokosi ka pampu ndi mavalavu kamene kamabisika pansi pa mpando kapena pansi pa thanki kamachepetsa mphamvu ya mafuta a mabuleki, n'kuibwezera, n'kuichepetsanso, kambirimbiri pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake chigwiriro chimanjenjemera m'manja. Ogula ena amabwera atakwiya kuti mabuleki akugunda, ndiwabwezere ndalama. Ndimawauza kuti chimene chagundacho ndi chimene munalipira, musamasiye chigwiriro chikayamba kutero, finyanibe. Tayala la kutsogolo likamangika pa njinga simukhala ndi nthawi yoganiza, mumangopezeka muli pansi. Bungwe la IIHS la ku America, lofufuza za ngozi za pamsewu, linapeza mu 2013 kuti ngozi zakupha zinali zochepa ndi 31 pa 100 alionse pa njinga za ABS poyerekeza ndi zomwezo zopanda ABS, ndipo atawerenganso mu 2021 anapeza 22 pa 100. Manambala amenewa ndimawagwiritsa ntchito pogulitsa, ndipo sindichita nawo manyazi chifukwa ndi oona. Koma ndi oona pa ABS yogwira ntchito.

Panali chaka china ndinali pabwino. Mpamba unali utakula, anthu ankandiitana ndi dzina la bizinesi osati langa. Munthu wina amene ndinkadya naye mbale imodzi, yemwe ankandionera katundu kutsidya, anandiimbira kuti kuli njinga zikuluzikulu zogwiritsidwapo kale ntchito, zonse za ABS, mwiniwake akutseka nyumba yosungira katundu ndipo akufuna ndalama sabata yomweyo. Musaganize kuti ndinangotumiza ndalama ngati mwana. Ndinafunsa manambala a chasisi, onse a zilembo 17, ndipo anagwirizana ndi mapepala. Ndinafunsa zithunzi za mphete ndi masensa, zinabwera. Ndinati andijambulire vidiyo ya njinga iliyonse ikuyaka. Kiyi akatembenuza, kanyale kachikasu ka ABS kayaka. Injini ikalira, kazima. Njinga zonse chimodzimodzi, mwaudongo. Ndinathira mpamba wonse, n'kuwonjezera ngongole ya katapila, ogula ena anali atapereka kale theka.

Ndiye katunduyo anafika pa boda. Pali mkulu wina wa msonkho amene nkhope yake sindidzaiiwala, wa mimba yake, wolankhula ngati akukuchitira chifundo. Anayang'ana invoisi, n'kuyang'ana ine, n'kunena kuti mtengo uwu ndi wabodza, njinga za ABS sizigulidwa chonchi. Anatsegula buku lake n'kundiwerengera msonkho pa mtengo wa njinga zapamwamba kwambiri za mtunduwo, ngati kuti zangotuluka kumene mu fakitale. Msonkho wa njinga umayamba ndi kukula kwa injini, pa nambala ya 8711, imene a msonkho amalembera njinga zamoto, pali magulu a 50, 250, 500 ndi 800cc, zimenezo ngakhale mwana wa ejenti amazidziwa. Koma mtengo umene amayikapo msonkhowo uli m'cholembera cha munthu, ndipo cholembera chimenecho chimamva kangachepe. Ine ndinakana. Mpaka lero ndimanyadira kuti ndinakana, ngakhale kunyadako kunandidyera zambiri.

Anati katundu atsike yense afufuzidwe. Anyamata ake anaphwasula mabokosi ndi chitsulo. Mmodzi anavula mpando, n'kuona kabokosi ka pampu ndi timapaipi take, n'kuitana anzake kuti bwerani muone, wabisa chinthu umu. Munthu wovala yunifolomu, wolipidwa ndi msonkho wanga womwewo, wosadziwa kusiyanitsa mabuleki ndi katundu wozembetsa! Ndinafotokoza mpaka mawu anatha. Kenako njinga anaziika pabwalo, padzuwa ndi pamvula, masabata n'kumapita, ndalama yosungira ikukwera tsiku lililonse, fayilo yanga ikusowa m'mawa n'kupezeka madzulo bwana atapita. Pozikwezanso anadutsitsa malamba m'magudumu n'kukoka ndi mphamvu zonse. Mphete ziwiri zinapindika pamenepo. Kamphete kaja n'kopyapyala, ndipo mpata wa pakati pake ndi kasensa ndi pafupifupi milimita imodzi, kakangopindika pang'ono kompyuta imayamba kuwerenga zabodza. Ukawauza amati kadandaule ku likulu.

Nditaziombola, mabatire onse anali atafa. Ndinagula ena, ndinatsuka njinga, ogula anatenga. Sipanapite nthawi, mnyamata wina amene anagula imodzi anakumana ndi galimoto yotulukira mwadzidzidzi kukugwa mvula. Anafinya buleki ya kutsogolo ndi mtima wonse monga mmene ndinamuuzira ine ndi pakamwa pangapa. Tayala linamangika. Anathyoka phewa, khungu la mwendo linatsala pa phula. Abale ake anabwera kwanga gulu, bambo ake ali patsogolo, osakalipa n'komwe, anangoti bambo, mwanayu munamuuza kuti njingayi siigwetsa. Mawu amenewo amandipwetekabe kuposa ngongole ija.

Makaniko wanga atatsegula dashibodi anangoseka, kuseka kwa mkwiyo. Kanyale ka ABS anakadula ku kompyuta yake n'kukalumikiza ku waya wa kanyale ka oyilo. Ka oyilo kamayaka mukatembenuza kiyi, kamazima injini ikalira. N'zimene ndinkaona pa vidiyo. Pamene kanyale ka ABS keniko sikazima injini ikangolira. Kamadikira njinga iyende kaye, ifike pa liwiro la makilomita 5 mpaka 10 pa ola, kompyuta imve masensa onse awiri, ndiye kazime. Fyuzi ya pampu anali atachotsa. Mafuta a mabuleki anali akuda bii, mavalavu atauma ndi dzimbiri m'kati. Tinatsegula zinazo, zambiri zinali momwemo. Uja wa mbale imodzi uja foni inasiya kupezeka. Anthu anandiuza kuti anamanga nyumba.

Ndinabweza ndalama kwa aliyense amene anafuna, ndinalipira za kuchipatala, ndinagulitsa galimoto. Kabokosi ka pampu katsopano mtengo wake umadya phindu la njinga yonse n'kupitirira, ndipo kena kamafuna kukalembetsa pa kompyuta ya njingayo ndi makina amene makaniko wamba alibe. Zina ndinazikonza pang'onopang'ono ndi zida zochotsa pa njinga zangozi. Zina ndinazigulitsa motchipa nditalemba pa pepala kuti ilibe ABS, wogula n'kusainira. Amene ankati ndatha aja, ena a iwo lero amandibwereka makina oyezera.

Ndiye njinga imene sindinaiyendetse ine kapena munthu amene ndimamulipira ndekha, sindigula, ngakhale mundipatse ulere. Vidiyo ya njinga yoima ndi ya ana. Ndimafuna kuona kanyale kakuyakabe injini ikulira, njinga ikunyamuka, kenako kakuzima. Ndikatero ndimapita pamalo afumbi, pang'onopang'ono, n'kuponda buleki ya kumbuyo mwamphamvu kuti ndimve kugunda kuphazi. Ndimatsegula kachitini ka mafuta a mabuleki. Mafuta a mtundu wa DOT 4 amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake opanga amati azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse, ndipo njinga yokhala nthawi yaitali m'nyumba yosungira katundu ndiyo imaola pampu kuposa yoyenda. Wina asakupusitseni kuti DOT 5 ndi yabwino chifukwa nambala ndi yaikulu, imeneyo ndi ya silicone, siyenera kulowa mu ABS. Komanso musathawe njinga yabwino chifukwa kanyale kakana kuzima. Batire yofooka yokha imayatsa kanyale kameneka. Ndagulapo njinga zabwino motsika mtengo kwa anthu amene ankaganiza kuti pampu yafa, vuto lili batire kapena matope pa kasensa. Zimenezo sindikanakuuzani mukanakhala kuti mwayamba kale kupikisana nane.

Za traction control mwafunsa ngati kuti ndi chinthu chachilendo. Honda anali nayo kale pa njinga yake ya ST1100 mu 1992, patangopita zaka zochepa BMW atayika ABS yoyamba pa K100 mu 1988, chichinthu cholemera makilogalamu pafupifupi 11. Traction control imagwiritsa ntchito masensa omwewo a ABS. Tayala la kumbuyo likamazungulira kuposa la kutsogolo, kompyuta imadziwa kuti laterereka ndipo imachepetsa mphamvu ya injini, pena podula moto wa pulagi, pena mafuta, pena potseka thirotolo yokha pa njinga zimene thirotolo yake ilibe chingwe. Ndiye kasensa kamodzi kakafa, zonse ziwiri zapita, ABS ndi traction control yomwe. Zatsopano kwambiri zili ndi kabokosi kena ka IMU kamene kamadziwa mmene njinga yapendekera pokhota. Kampani ya Bosch inakatulutsa ndi KTM pa njinga ya 1190 Adventure mu 2013. N'kabwino, sindikana, munthu amatha kugwira buleki ali pakona njinga osadzuka n'kumuponya kunja kwa msewu. Koma kwa ine wogulitsa, kabokosi kalikonse kowonjezera ndi foni ina ya usiku. Njinga yoti inagwapo, IMU yake n'kusuntha pamalo pake, imachita zinthu zoti makaniko wopanda kompyuta angokuyang'anani.

Ndipo funsani wogula kumene akukayenda. Pa msewu wa miyala kapena mchenga ABS yakale imatalikitsa poimira, chifukwa tayala limafuna kukumba pansi pang'ono kuti liime, kompyuta n'kumalimasula. Traction control nayo mumchenga wambiri imadula mphamvu pamene mukuifuna, njinga n'kutitimira. N'chifukwa chake njinga za maulendo zili ndi batani lozimitsira ABS ya kumbuyo. Yopanda batani limenelo musamugulitse munthu wa kumatope, adzabwera atachotsa fyuzi, mawa lake akukuimbani mlandu.

Matayala ndiye musamayambe n'komwe kuchenjera nawo. Njinga zakale zimabwera ndi matayala otha, ndipo mtima umafuna kuikapo alionse otchipa amene alowa pa rimu. Kompyuta ija inaphunzitsidwa kukula kwa matayala a ku fakitale. Mukaika lakumbuyo losiyana msinkhu, imaona ngati tayala likuterereka nthawi zonse, ndiye njinga imadukiza pa msewu wouma, kapena imachedwa kulowerera pamene pafunika. Mnzanga wina anasintha pampu yabwinobwino chifukwa cha tayala lolakwika. Anandifunsa atalipira kale.

Za mpamba woyambira munafunsanso, eti? Muwerengere kuti katundu wanu atha kukhala pabwalo la anthu aja mpaka iwo atakhuta, ndipo muike padera ndalama ya mabatire ndi mafuta a mabuleki pa njinga iliyonse. Pokweza mukaimepo nokha, lamba amange pa felemu ndi pa foloko, asadutse m'gudumu, ngakhale dalaivala akutukwaneni kuti mukumuchedwetsa.