Ping, mtengo wa mango ndi batire: yankho kwa achimwene a ku Turffontein

Achimwene ena a ku Turffontein andilembera imelo. Akuti: "Ndikufuna kutumizira mng'ono wanga PlayStation kumudzi ku Namwera kuti tizimenya gemu limodzi, ine ndili ku Joni kuno. Netiweki ya foni kumeneko timaipezera pachulu. Kodi intaneti ya setilaiti ingathandize?"

Ingathandize achimwene, koma musakopeke ndi ma Mbps (muyezo wa liwiro la intaneti) amene otsatsa malonda amakonda kutchula. Posewera, gemu sidya data yambiri. Chomwe imafuna ndi ping yotsika, ndiye kuti kanthawi kamene uthenga umatenga kupita ku seva (kompyuta yaikulu yoyendetsa gemuyo) ndi kubwerako.

Setilaiti zachikale zija zili pamtunda wa makilomita 35,786. Uthenga umakwera n'kutsika, yankho nalo limakwera n'kutsika, moti ping imafika cha m'ma 600 ms (mamilisekondi), kupitirira theka la sekondi. Mukamadina batani loti goloboyi adumphe, mpira wagwedeza kale ukonde. Za kampani ya Starlink zimazungulira pafupi, cha pa makilomita 550, n'chifukwa chake gemu imaseweredwa bwinobwino. Ku Malawi Starlink inayamba kugwira ntchito mu 2023.

Koma kufupika kwa setilaiti si nkhani yonse. Uthenga ukatsika pansi umayendabe pa zingwe za intaneti zotchedwa faiba mpaka kumene kuli seva. Magemu a pa kompyuta monga Counter-Strike 2 ndi Dota 2 ali ndi maseva konkuno ku South Africa. Gemu imene seva yake ili ku Ulaya, ngakhale ife a faiba mu Johannesburg ping imatipitirira 150 ms. Choncho yambani mwafufuza kumene kuli seva ya gemu yanuyo musanatulutse ndalama.

Dishi ya Starlink musaisake ku Joni kuno. ICASA, bungwe loyang'anira zamauthenga ku South Africa kuno, imafuna kuti magawo 30 pa 100 a kampani yopereka intaneti akhale m'manja mwa anthu amene ankaponderezedwa kale, ndipo nkhani ya chiphaso cha Starlink inakakamira pomwepo. Tumizani ndalama, akagule ndi kulembetsa kwathu komweko.

Tsono zakumudzi. Dishi imafuna thambo loyera, popanda chotchinga. Mtengo wa mango uli pakhomo uja ukatchinga pang'ono, intaneti imaduka kamphindi. Woonera YouTube sadziwa n'komwe, koma wosewera amatulutsidwa mu gemu. Apu ya Starlink imatha kuonetsa zotchinga ndi kamera ya foni, ndiye mng'ono wanu ayeze kaye asanakhome. Osathamangira nkhwangwa, agogo sangakukhululukireni. Kwezani dishi pamwamba pa mlongoti. M'dzinja, mvula yamphamvu ikamagwa, asiye kaye, akazinge chimanga.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi magetsi. Dishi yaikulu imadya mawati 75 mpaka 100, yaing'ono yotchedwa Mini 25 mpaka 40. Onjezanipo PlayStation 5 ndi TV, mwapitirira 300 gemu ikatentha. Kasola kotchajira mafoni sikangakwanitse zimenezi, pafunika batire ndi inivetala zenizeni. Ndikanakhala ine ndikanatenga Mini, ndalama yotsalayo n'kuiponya pa batire, kenaka n'kulumikiza PlayStation ndi waya osati Wi-Fi.

Pomaliza mugwirizane ndani azilipira mwezi ndi mwezi. Ndikukayika ngati angakhale mng'ono wanuyo.