Mutifunse: bwanji gulo sauma padzuwa pomwe chule amauma?

Funso: Akonzi, kuno ku Nsanje dzuwa la mu Okutobala mukulidziwa, koma gulo amangoti phee pathanthwe osauma, pomwe chule akatsala pamtetete sachedwa kuuma gwa. Anzanga akuti ndi mamba aja amene amamuteteza. Zoona zimenezi?
Wowerenga wa ku Nsanje

Yankho: Achimwene, anzanuwo ayesetsa koma aphonya pang'ono. Mamba amathandiza pa minga ndi miyala yokala, koma chotsekera madzi m'thupi ndi mafuta amene ali mkati mwa khungu momwemo, osati opaka ayi, khungulo limapanga lokha.

Mu 1972 akatswiri awiri a ku America, Licht ndi Bennett, anayeza njoka ina yomwe inabadwa yopanda mamba ndiye anapeza kuti madzi imataya chimodzimodzi ndi inzake ya mamba. Kenako mu 1980 Roberts ndi Lillywhite anatenga zikopa zimene njoka zafundula nkusukuluza mafuta ake ndi mankhwala, basi madzi anayamba kudutsa mosavuta. Nkhani yaikulu ili pa kagawo kena kopyapyala ka khungu kotchedwa mesos, momwe mafuta ayalana pakati pa maselo ngati matope pakati pa njerwa.

Chule alibe chitetezo chotero chifukwa khungu lake ndi lopumira komanso lomwera madzi, ndiye likuyenera kukhala lonyowa nthawi zonse. Koma kuli wina wochenjera ku Gran Chaco, ku South America, dzina lake Phyllomedusa sauvagii, amatulutsa phula pakhungu nkumadzipaka ndi miyendo thupi lonse, kenako nkukhala pamtengo dzuwa likuswa mtengo iye osatekeseka.

Ndiye apa pali mbiri yakale kwambiri. Zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo nyama za fupa la msana zinayamba kukhaliratu kumtunda osadaliranso madzi poswana, ndipo kuikira dzira la chikamba pakokha sikukanakwanira, pankafunikanso khungu losadontha. Mbadwa zake ndi zokwawa, mbalame ndi zoyamwitsa, ife tomwe tili momwemo. Khungu lanu lakunjali lili ndi mafuta otchedwa ceramide, cholesterol ndi ena, nchifukwa chake sopo wokalipa uja mukasamba naye kawiri katatu mumatuwa nkuyamba kuyabwa, mwachotsa mafutawo.

Mafuta a pakhungu ena amafunsirira nawo mbeta eti. Ku Narcisse, m'chigawo cha Manitoba ku Canada, njoka zotchedwa red-sided garter zimatuluka m'mapanga zikwizikwi chisanu chikatha, ndipo yamphongo imadziwa yaikazi ponyambita fungo la mafuta a pakhungu ndi kalilime kake kaja. Robert Mason ndi anzake anazindikira mafuta amenewo mu 1989. Zina zamphongo zimatulutsa fungo lachikazi, zamphongo zinzake nkuziunjirira.

Koma gulo wanuyo musamuone ngati chitsulo, dzuwa likafika paliwombo nayenso amathawira m'ming'alu, mafuta amatseka madzi koma kutentha satchinga. Mudzamuyang'ane cha m'ma 1 koloko masana ngati mungamupeze pathanthwe pomwepo.